Kulowetsa phukusi mu pulojekiti ya console: njira iti ikuyenera laputopu yanu kuno ku Harare?

Bungwe lathu la maliro ku Mufakose lili ndi kaundula yemwe anayamba kulembedwa m'makope a chikuto cholimba ine ndisanabadwe, nthawi imene makolo athu ochokera ku Dedza, Ntcheu ndi Mangochi ankasonkherana kuti mnzawo akatsikira kuli chete asaikidwe ngati wopanda abale. Lero alembi amalemba zopereka mu Excel, koma funso lovuta pa msonkhano uliwonse likadali lomwe lija: ndani watsalira miyezi ingati? Mwana wa achemwali anga, yemwe akuphunzira C#, chiyankhulo cholembera mapulogalamu a kompyuta, anadzipereka kulemba kapulogalamu ka console, kaja kopanda mabatani kongotulutsa malemba pa zenera lakuda, koti kaziwerenga fayilo ya CSV yochokera mu Excel, momwe ndime za mzere uliwonse zimalekanitsidwa ndi mipatuliro, n'kutchula onse angongole.

Anayamba bwino. Ankadula mzere uliwonse paliponse pamene pali mpatuliro, ndipo zinkayenda mpaka anafika pa mayi wina amene keyala yawo inalembedwa kuti "Matapi Flats, Mbare". Mpatuliro wa m'kati mwa keyalawo unakankha zonse. Mbare inagwera pa ndime ya ndalama, pulogalamu n'kuima, ikudandaula kuti Mbare si nambala.

"Amalume, ndilembe zoti izizindikira mitengero?"

Ndinamuuza kuti asadzivute. Ntchito imeneyi ena anaigwira kale, anapunthwa kale pa miyala yonse imene iye akanapunthwapo, ndipo zimene analemba anaziika poyera. Laibulale yake ndi CsvHelper, yolembedwa ndi Josh Close, ndipo ndi yaulere. Funso linatsala n'lakuti ilowe bwanji mu pulojekiti yake. Apa m'pamene ndinaona kuti njira zilipo zingapo, ndipo maphunziro a pa YouTube amakuonetsa imodzi ngati kuti ndi yokhayo, pa kompyuta yamphamvu, m'dziko limene magetsi sathima.

Zonse zimakathera pa mzere umodzi

Mu .NET, maziko a Microsoft amene mapulogalamu a C# amayendapo, malaibulale amayenda m'maphukusi, ndipo woyendetsa maphukusiwo ndi NuGet, yomwe ilipo kuyambira 2010. Nkhokwe yake yaikulu ndi nuget.org. Phukusi ndi fayilo yothera ndi .nupkg, koma musaope dzinalo: ndi zip wamba. Mukalisintha dzina kuti lithere ndi .zip n'kulitsegula, mupezamo foda ya lib, m'kati mwake muli timafoda ta mayina ngati net8.0 ndi netstandard2.0, kalikonse kali ndi DLL yakeyake, fayilo imene muli code ya laibulaleyo yomangidwa kale. Mupezamonso fayilo ya .nuspec yofotokoza dzina la phukusi, version yake, ndi maphukusi ena amene ilo limadalira.

Chimene ndimafuna wophunzira aliyense achigwire msanga n'chakuti, kaya mudina mabatani kaya mulemba lamulo, ntchito yonse imakathera pa mzere umodzi mu fayilo ya .csproj, yomwe imafotokoza za pulojekiti yanu:

`<PackageReference Include="CsvHelper" Version="33.0.1" />`

Basi. Kenako pamabwera gawo lotchedwa restore, pamene NuGet imawerenga mzerewo, kukatenga phukusi pamodzi ndi onse amene limadalira, n'kuwasunga mu foda imodzi ya kompyuta yonse. Pa Windows fodayo ndi `%userprofile%\.nuget\packages`, pa Linux ndi macOS ndi `~/.nuget/packages`. Choncho njira zimene tikuyerekezazi sizisiyana kwenikweni pa zotsatira. Zimasiyana pa zimene zimafuna kwa inu: RAM, bandulo, magetsi, ndi kuchuluka kwa zimene mukudziwa kale.

Koma musanasankhe, tsegulani .csproj yanu muione. Ngati ndi yaifupi ndipo ikuyamba ndi `<Project Sdk="Microsoft.NET.Sdk">`, muli pa mtundu watsopano ndipo njira zonse n'zotseguka. Ngati ndi yaitali ngati kalata ya mlandu, ndipo pambali pake pali fayilo ya packages.config, ndiye kuti munasankha template yakale ya .NET Framework. Ophunzira ambiri amagwera m'menemu osadziwa, chifukwa mu Visual Studio, pulogalamu ya Microsoft yolemberamo code, ma template awiriwa ali ndi mayina ofanana kwambiri. Pa pulojekiti ya packages.config lamulo la dotnet silithandiza. Ngati mwangoyamba kumene, yambaninso ndi template yatsopano. Mutaya mphindi zisanu, osati sabata.

Lamulo la pa terminal

Iyi ndiyo njira yanga, ndipo sindibisa. Pa terminal, zenera lolembamo malamulo, mumalowa mu foda imene muli .csproj n'kulemba:

`dotnet add package CsvHelper --version 33.0.1`

Malemba amathamanga pang'ono, ndipo pakati pawo mumaona mzere wonena kuti PackageReference yaikidwa mu fayilo yanu. Kwatha. Kuyambira pa .NET 10, yomwe inatuluka mu November 2025, mukhozanso kulemba motembenuza, `dotnet package add`, koma kalembedwe kakale kakugwirabe ntchito.

Ndimaikonda pa zifukwa za kuno kwathu. Laputopu ya mphwangayu ndi ya kaunjika, yogulidwa m'tauni, ya RAM ya 4GB ndi batire losatha ola limodzi ndi theka. Lamuloli limangofuna .NET SDK, zida zomangira mapulogalamu a .NET, yomwe kuidawuniloda ndi mamegabaiti mazana ochepa, pomwe Visual Studio yathunthu imadya magigabaiti. Limagwira chimodzimodzi pa Windows, pa Ubuntu ndi pa Mac. Ndiponso ndi mzere umodzi woti ukhoza kuutumiza pa WhatsApp. Yesani kufotokozera munthu pa foni, muli mu kombi yochokera pa Copacabana, kuti adine pati kenako pati mu mazenera a Visual Studio, kondakitala akukuwa m'khutu mwanu. Lamulo umangolilemba, iye n'kukopera.

Zofooka zake zilipo. Liyenera kudziwa dzina lenileni la phukusi, silikuganizirani. Ma SDK atsopano, kuyambira 8.0.200, ali ndi `dotnet package search` yofufuzira, koma zimene imatulutsa n'zouma poyerekeza ndi tsamba la nuget.org. Mukalilemba muli mu foda yolakwika limangoti silinapeze pulojekiti, ndipo wophunzira amayamba kuganiza kuti SDK yawonongeka pomwe wangoima pakhomo la eni ake.

Chachikulu ndi ichi: musasiye `--version`. Mukaisiya, lamulo limapita pa intaneti kukafunsa version yatsopano kwambiri n'kuika imeneyo. Lero zikhoza kuyenda. Koma mnzanu amene alembe lamulo lomwelo miyezi itatu ikubwerayi akhoza kulandira version ina, ndipo mudzakhala mukukangana kuti bwanji code yofanana ikuchita zosiyana. Komanso popanda version, lamulo silingagwire popanda netiweki, ngakhale phukusi lili kale pa kompyuta yanu.

Zenera la Visual Studio

Mumadina kumanja pa dzina la pulojekiti, kusankha Manage NuGet Packages, kupita pa Browse, kulemba dzina, kudina Install. Kwa munthu amene sanasankhe phukusi loti agwiritse ntchito, njira imeneyi ili ndi ubwino umene terminal ilibe: imakuonetsa katundu usanagule. Ukuona mwini phukusi, kuchuluka kwa anthu amene analidawuniloda, laisensi yake, maphukusi amene limadalira, ndi chenjezo ngati version imeneyo ili ndi chibowo cha chitetezo kapena mwini wake analisiya.

Zimenezi si zazing'ono. Pa nuget.org aliyense akhoza kuikapo phukusi, ndipo akamberembere amaika maphukusi a mayina ongosiyana chilembo chimodzi ndi otchuka, kudikira amene chala chake chiterereke. Mukaona phukusi la dzina lodziwika koma lodawunilodidwa ndi anthu ochepa chabe, imani kaye.

Vuto lake ndi kulemera. Visual Studio ndi ya Windows yokha. Ya pa Mac Microsoft inaitseka pa 31 August 2024. Pa laputopu ya 4GB, kungoitsegula mukhoza kuteleka madzi a tiyi n'kubwerako isanamalize. Chilembo chilichonse chimene mwalemba pa Browse chimakafunsa pa intaneti, ndiye netiweki ikafooka mumangoonerera kachizindikiro kakuzungulira. Palinso chiyeso cha pa Updates, pamene pali kabokosi kosankhira maphukusi onse nthawi imodzi. Dzanja limayabwa. Koma nambala yoyamba ya version ikasintha, monga kuchoka pa 32 kupita pa 33, mwini phukusi akukuuzani kuti zina zimene zinkagwira ntchito mwina sizigwiranso. Musadine zimenezo usiku woti mawa lake mukaonetsa pulogalamu kwa anthu.

Amene safuna Visual Studio koma amakonda kudina, Visual Studio Code yokhala ndi C# Dev Kit ili ndi lamulo loikira phukusi, ndipo JetBrains Rider inakhala yaulere pa ntchito zosachita malonda kuyambira October 2024. Rider nayo njolemera, musanamizidwe.

Package Manager Console

Apa sindichedwapo. Ndi kazenera ka PowerShell ka m'kati mwa Visual Studio, komwe mumalemba `Install-Package CsvHelper -Version 33.0.1`. Kali ndi kulemera konse kwa Visual Studio popanda ubwino woona katundu. Kalinso ndi misampha iwiri. Woyamba: lamuloli limagwira m'kazenera kameneka mokha. Mukalilemba mu PowerShell wamba wa Windows, kumeneko kuli lamulo lina la dzina lomwelo logwira ntchito ina, ndipo pulojekiti yanu siikhudzidwa n'komwe. Wachiwiri: pamwamba pa kazenerako pali posankhira Default project, ndipo ngati muli ndi mapulojekiti awiri, phukusi likhoza kulowa m'nyumba yolakwika mwakachetechete.

Kamathandizabe pa mapulojekiti akale a packages.config, makamaka `Update-Package -reinstall` zinthu zikasokonekera, komanso kwa ogwiritsa ntchito Entity Framework, laibulale yolumikizira pulogalamu ku database. Pa kapulogalamu katsopano ka console, kadutseni.

Kulemba nokha mu .csproj

Popeza zonse zimakathera pa mzere uja, palibe chokuletsani kuulemba nokha, ngakhale ndi Notepad. Mumauika pakati pa `<ItemGroup>` ndi `</ItemGroup>`, kusunga fayilo, n'kulemba `dotnet build` yomanga pulogalamu kapena `dotnet run` yoiyendetsa. Malamulo awiriwa amayamba achita restore okha.

Mphwanga ndinamuchititsa zimenezi kamodzi mwadala. Ndinamuuza afufute mzere umene lamulo linaika, ayese build, aone uthenga wa CS0246 wonena kuti dzina la CsvHelper silikudziwika, kenako aubwezere ndi manja ake. Kuyambira tsiku limenelo NuGet inasiya kukhala matsenga kwa iye. Njirayi ndi yachangunso mukafuna maphukusi asanu amene muli nawo kale mu pulojekiti ina: mumangokopera mizere isanu.

Koma palibe wokugwirani dzanja. Mukalakwitsa dzina mulandira NU1101, kutanthauza kuti phukusi silinapezeke. Mukalakwitsa version, nkhani yake njochenjera pang'ono, chifukwa `Version="33.0.1"` satanthauza kuti 33.0.1 yokha basi. Amatanthauza 33.0.1 kapena yoposa, ndipo NuGet imasankha yotsikitsitsa imene ikukwanira. Ndiye mukalemba nambala yoti kulibe, ikhoza kutenga yotsatira pamwamba pake n'kungokupatsani chenjezo la NU1603, lomwe ambiri saliwerenga poti ndi lachikasu osati lofiira. Mukafuna imodzi yeniyeniyo, lembani `[33.0.1]`. Palinso kalembedwe ka `33.*`, kotanthauza yatsopano iliyonse ya mu 33. Kumeneko ndi kusiya chitseko chosakhoma. Ine sindichita.

Mudzamva za Directory.Packages.props, fayilo yosungira ma version a mapulojekiti ambiri pamalo amodzi. Njabwino pa ntchito yaikulu. Pa pulojekiti imodzi ndi kugula ngolo yonyamulira dengu limodzi la tomato. Kumbali inayo, .NET 10 inabweretsa mapulogalamu a fayilo imodzi opanda .csproj n'komwe: pamwamba pa fayilo ya .cs mumalemba `#:package CsvHelper@33.0.1` n'kuiyendetsa ndi `dotnet run` yotsatidwa ndi dzina la fayiloyo. Poyesera kanthu mwachangu nzokoma, bola SDK yanu ikhale ya 10.

DLL ya pa WhatsApp

Tsiku lina mphwanga anafuna kuti pulogalamu izilemba zimene ikuchita, kuti ikalakwitsa tizidziwa pamene yapunthwa. Mnzake wa m'kalasi anamuuza za Serilog, ndipo poti bandulo inali itatha, anangomutumizira fayilo ya Serilog.Sinks.Console.dll pa WhatsApp. Iye anaiika pa Desktop, n'kuilumikiza ndi Add Reference.

Sizinayende. Phukusi la Serilog.Sinks.Console limadalira phukusi lina, Serilog mwiniwakeyo, ndipo DLL payokha siibwera ndi anzake. NuGet ikanawerenga .nuspec n'kukatenga onse awiri. Pamanja, iwe ndiwe uyenera kudziwa mndandanda wonse wa odalirana, ndi version yoyenera ya aliyense, ndi kafoda koyenera ka mu lib. Ukaphonya, mwina build ikana, mwina ivomera koma pulogalamu n'kudzagwa ikuyenda kale, ndi uthenga woti Could not load file or assembly. Kuwonjezera apo, .csproj imasunga njira yopita pamene pali DLL, ndiye pulojekiti ikapita pa kompyuta ina ikafunafuna Desktop ya munthu amene kulibe. Ndipo malamulo ofufuza maphukusi okalamba kapena a zibowo, `dotnet list package --outdated` ndi `dotnet list package --vulnerable`, DLL yotereyi saiona.

Sindikunena kuti njirayi ilibe malo ake. Ogulitsa makina ena, monga osindikiza malisiti kapena owerenga zala, amakupatsa DLL yokha popanda phukusi. Zikatero pangani foda m'kati mwa pulojekiti, ikanimo DLL, ndipo muilumikize kuchokera m'menemo kuti iziyenda limodzi ndi code. Koma laibulale imene ili pa nuget.org, kuilowetsa ngati DLL ndi kulowera pawindo chitseko chili pululu.

Mnzake uja sanalakwe pofuna kuthandiza. Analakwitsa chotumiza. Akanatumiza mafayilo a .nupkg.

Foda yanuyanu, ya masiku opanda netiweki

Apa ndiye pamene maphunziro akunja sanenapo kanthu, pomwe kwa ife ndi pamene pagona nkhani. Madzi akachepa ku Kariba timadziwa mmene zimakhalira: magetsi amabwera anthu atagona n'kuchoka tambala asanalire kachiwiri, rauta yazima, foni ikusungidwa moto kuti ilandire mauthenga a maliro. Ukhoza kukhala ndi ola limodzi la batire ndi maganizo abwino, koma restore n'kukugwetsa ndi NU1301, kutanthauza kuti yalephera kufika ku nkhokwe.

Choyamba choti mudziwe n'chotonthoza. Phukusi likalowa kamodzi mu foda ija ya `.nuget\packages`, limakhala momwemo. Pulojekiti ina iliyonse pa kompyuta imeneyo yofuna phukusi lomwelo pa version yomweyo imalitenga m'menemo osakhudza intaneti. Ichi n'chifukwa china cholembera version nthawi zonse. Mwina muona chenjezo la NU1900, loti NuGet yalephera kukaona mndandanda wa zibowo za chitetezo, ntchito imene imachita yokha kuyambira pa SDK ya .NET 8. Ndi chenjezo chabe, build imapitirira.

Chachiwiri: foda wamba ikhoza kukhala nkhokwe ya maphukusi. Mukakhala pamalo a Wi-Fi, kaya kuntchito kaya kusukulu, sonkhanitsani mafayilo a .nupkg. Pa tsamba la phukusi lililonse pa nuget.org pali polemba kuti Download package. Chenjerani, pamenepo mumalandira phukusi limodzi lokhalo, popanda amene limadalira. Njira yosaphonya ndi kupanga kapulojekiti koyesera, kuikamo maphukusi onse amene mukufuna ndi lamulo la dotnet, kenako kulowa mu `.nuget\packages` n'kukopera ma .nupkg a onse amene abwera. Aliyense amakhala mu foda ya dzina lake, m'kati mwa kafoda ka version. Aikeni onse mu foda imodzi pa fulashi, tinene kuti `E:\maphukusi`. Mukafika kunyumba:

`dotnet add package CsvHelper --version 33.0.1 --source E:\maphukusi`

Likalowa, lalowa. Mukafuna kuti kompyuta izidziwa fodayo nthawi zonse, pali `dotnet nuget add source E:\maphukusi --name fulashi`. Koma apa tinapsa nazo. Fulashi yomwe pa laputopu yanga inali E, pa ya mphwanga inakhala F, ndipo tsiku limene sinalumikizidwe n'komwe restore inayamba kudandaula za nkhokwe yosowa. Tinachita bwino titasamutsira fodayo m'kati mwa pulojekiti n'kulemba kafayilo ka nuget.config pambali pa .csproj, kokhala ndi mzere uwu pansi pa packageSources:

`<add key="pafupi" value="./maphukusi" />`

Pamwamba pa mzerewo tinaika `<clear />`, yomwe imauza NuGet kuti iiwale nkhokwe zina zonse, kuphatikizapo nuget.org. Popanda iyo, restore ikhoza kulimbanabe ndi intaneti yomwe kulibe n'kugwa, phukusi lili pamphuno pake. Tsopano pulojekiti yonse ikhoza kukwera basi ya ku Blantyre, kudutsa pa Nyamapanda, Tete ndi Mwanza, n'kukachita build kwa msuweni wake kumudzi popanda bandulo, bola kumeneko kukhale SDK.

Mtengo wake ndi woti mwadzisandutsa wosunga nkhokwe. Palibe adzakuuzeni kuti kwatuluka version yokonza chibowo. Mukapeza netiweki yabwino, chotsani kaye `<clear />` uja, yendetsani malamulo awiri ofufuza aja, muone ngati pali chofunika kusintha. Zibowo zimapezeka ngakhale m'maphukusi otchuka: Newtonsoft.Json ya version yotsika kuposa 13.0.1 ili ndi chodziwika, choti JSON (kalembedwe ka data kamene laibulaleyi imawerenga) yolowerana kwambiri ikhoza kugwetsa pulogalamu.

Ndipo pali lamulo limodzi limene anthu a pa intaneti amakonda kupereka ngati mankhwala a matenda onse: `dotnet nuget locals all --clear`. Limasesa foda yonse ya maphukusi a pa kompyuta yanu. Kwa amene ali ndi intaneti yosatha, ndi kungodikira mphindi ziwiri. Kwa inu, Lachitatu masana magetsi kulibe, ndi kuwotcha nkhokwe chifukwa cha khoswe mmodzi. Akuluakulu anati phukusi la moyo sakusungira ndi mnzako, ndipo ine ma .nupkg anga ndimasunga pawiri, pa laputopu ndi pa fulashi ya pa makiyi.

Kodi phukusilo mukulifunadi?

Funso ili likanayenera kukhala loyamba, koma anthu salimva asanalawe zowawa. Maphunziro ambiri akale amayamba ndi kuika Newtonsoft.Json, laibulale ya James Newton-King, ngati chitsanzo. Ndi laibulale yabwino ndipo ikugwirabe ntchito m'mapulojekiti osawerengeka. Koma kuyambira pa .NET Core 3.0 mu 2019, System.Text.Json imabwera kale m'kati mwa .NET. Pa ntchito wamba yowerenga ndi kulemba JSON simufunika kudawuniloda kanthu. Phukusi lililonse limene mwaika ndi mlendo woti muzimudyetsa: kumusintha version, kumunyamula pa fulashi, kuwerenga laisensi yake.

Za laisensizi musazipeputse. Mphwanga atafuna kuti pulogalamu iziwerenga Excel mwachindunji osadzera pa CSV, dzina loyamba kutuluka linali EPPlus. Laibulale imeneyi inasintha laisensi pa version 5 mu 2020: ndi yaulere pa ntchito zosachita malonda, koma pa malonda pamafunika kulipira. Bungwe la maliro si bizinesi, koma mnyamatayu ali kale ndi maganizo okagulitsa kapulogalamu kofanana kwa mwini golosale wina ku Highfield. ClosedXML, ya laisensi ya MIT, ilibe chopinga chimenecho. Pamapeto pake tinangokhala pa CSV, poti alembi amadziwa kale kudina Save As.

Ndiye mukandifunsa kuti nditenge iti, ndiyankha molingana ndi munthu. Wa laputopu yofooka kapena wa Linux, lamulo la dotnet ndi version yolembedwa. Wa kompyuta yamphamvu amene akufufuzabe phukusi loyenera, zenera la Visual Studio, ngakhale tsamba la nuget.org pa foni limaonetsa zomwezo kwaulere. Wolandira pulojekiti yakale ya kuntchito, Package Manager Console kapena zenera lija la Visual Studio, poti lamulo la dotnet silimuthandiza. Ndipo aliyense wokhala kumene magetsi ndi netiweki zimabwera mwa apo ndi apo awonjezere foda yakeyake pamwamba pa njira imene wasankha.

Tsiku lokapereka

Panatsala phunzo limodzi. Pulogalamu itatha, mphwanga anakopera fayilo ya .exe yokha pa fulashi n'kupita nayo kwa alembi. Anaidina, zenera lakuda linangophethira n'kuzimiririka. Anandiimbira mawu ali pansi.

"Amalume, kwa ine imayenda bwinobwino."

Mu .NET yatsopano, .exe ija ndi kachitseko chabe. Code yeniyeni ili mu DLL ya dzina la pulojekiti, CsvHelper.dll ili pambali pake, ndipo kompyuta ya alembi inalibenso .NET n'komwe. Phukusi munaliika mu pulojekiti, inde, koma liyeneranso kuyenda ulendo wopita kwa wogwiritsa ntchito. Tinalemba:

`dotnet publish -c Release -r win-x64 --self-contained true -p:PublishSingleFile=true`

Lamuloli limamanga zonse, ndi .NET yomwe, mu fayilo imodzi ya mamegabaiti makumi angapo. Dziwani kuti ulendo woyamba limafuna intaneti, chifukwa zidutswa za .NET zimene limamangiriramo nazonso zimabwera ngati maphukusi a NuGet, ndipo `<clear />` wathu uja anatitchinga mpaka tinamuchotsa kaye. Tinachita zimenezi cha m'ma 11 usiku, magetsi atangobwera.

Lamlungu, titatuluka m'tchalitchi, tinakhala pa mabenchi pabwalo la amsungichuma. Alembi anatsegula laputopu, mphwanga ataima kumbuyo kwawo manja ali m'thumba ngati sizikumukhudza. Mayina anatsika pa zenera lakuda, keyala ya mayi a ku Matapi ili yathunthu pamalo pake. Alembi anakonza magalasi n'kuyamba kuwerenga angongole mokweza, mmodzimmodzi. Dzina lachinayi linali langa, miyezi iwiri.